Chaka Chimene Ndinavula Munda wa Abiti Saidi

Anzanga akamakumbuka chaka chija amanena za chimanga chachikasu chimene tinkalandira pamzere. Ine ndimakumbuka kuti ndi chaka chimene ndinavula munda. Mawuwo si anga iyayi, ndi a Abiti Saidi, amene anali akazi anga nthawi imeneyo, ndipo mpaka lero sindinapeze ena oposa amenewo.

Ine ndine Amidu, kwathu ku Phalula. Ndinakakwatira ku Mposa, m'munsi mwa phiri la Chikala, n'kukhala komweko kwawo kwa akazi anga monga mwa mwambo. Mkamwini alibe munda. Amalima wa mkazi wake, amadya za m'nkhokwe ya mkazi wake, ndipo tsiku limene eni mudzi atopa naye amapinda mkeka wake n'kuona msewu, ana n'kutsala kuchikazi. Ife tinali ndi mwana mmodzi, Asiyatu, wa zaka zitatu. Ndanena zimenezi poyamba kuti mudziwe chimene ndinkaseweretsa.

Seputembala

Munda wa Abiti Saidi anawasiyira ndi malemu amayi awo. Kwa ine sunali munda, linali thengo. Kwathu ku Phalula timalima thonje, ndipo thonje lili ndi lamulo lake: ukakolola uzule mitengo yonse, uunjike, utenthe, kuti tizilombo tisagonere m'munda. Ndinakula ndikudziwa kuti munda wa munthu wakhama ndi umene buluzi akathamanga kumapeto uko, iwe umamuona uli kuno. Tsono wa akazi angawu! Misangu isanu italiitali pakati pa munda, mapesi a chaka chatha ali mbwee pansi, nandolo ataima apa ndi apo, ziyangoyango zouma za maungu zikukola miyendo. Podzala ankaponya chimanga, khobwe ndi nthanga za maungu m'phando limodzi. Zaka zitatu ndinalima nawo choncho ndikung'ung'udza chamumtima.

Mwezi umenewo alangizi a zaulimi anachititsa msonkhano pabwalo la sukulu. Anati boma likufuna achikumbe, ndiko kuti alimi achitsanzo: chimanga cha hayibulidi pachokha, mizere yowongoka, feteleza, munda wopanda tchire. Wochita bwino amalandira satifiketi ndi baji, ndipo anthu a midzi ina amabwera kudzaona munda wake. Ine mtima unadumpha. Ndinali nditakhala ku Mposa nthawi yonseyo koma dzina langa linali likadali "wa ku Phalula uja". Ndinkafuna tsiku lina anthu adzaime m'munda, ine ndili kutsogolo ndikuwalozera ndi kamtengo. Zifukwa zina ndilibe, chinali chimenecho basi.

Nditawauza zofuna kulima munda uja mwa njira imeneyi, Abiti Saidi anakana. Anangoti "Ngwamba", iyayi wa Chiyao, n'kupitiriza kupeta mpunga. Choncho ndinawadumpha. Ndinapita kwa Che Mbwana, amjomba awo, alongo a malemu amayi awo, amene anali mwini mbumba. Che Mbwana anali telala, munthu wa nthabwala, wosachoka pa makina ake pakhonde. Ndinawapeza akusoka mkanjo, singano ina ataluma pakamwa.

"Amjomba, ndikupempha chaka chimodzi chokha. Ndilime munda uja mwa njira ya alangizi."

"Nanga mwini munda akuti chiyani?"

"Akungoopa. Azimayi amaopa zachilendo."

Anaseka mpaka kusiya kupalasa makina. "Akamwini, munda uja wadyetsa mbumba ino ine ndisanamere mano. Koma chabwino, yesani. Nkhokwe ikadzaza, baji yanuyo ndidzakusokererani ndine pamalaya, ulere. Ikapanda kudzaza, mudzapinde mkeka mubwerere ku Phalula, mwana atsale. Tamvana?"

"Tamvana, amjomba."

Tonse awiri tinaseka. Titacheuka tinaona Abiti Saidi ataima pakona pa nyumba, ndowa ili pamutu, akuchokera kumjigo. Anamva zonse, ndipo anadutsa osapereka moni.

Okutobala

Ndinagulitsa njinga yanga n'kugula mbewu ndi feteleza. Kenako ndinanola nkhwangwa.

Msangu ndi mtengo wa khalidwe lakelake. Mitengo ina ikamayoyola masamba m'chilimwe iwo umabiriwira, mvula ikayamba umagwetsa ake onse pansi n'kutsala nthambi zokhazokha. Ine ndinkangoona minga yake ndi mizu yokhotetsa mizere. Ndinagwetsa inayi m'masabata awiri. Wachisanu, wa kumapeto kwa munda pafupi ndi chulu, unali ndi mphako, ndipo m'mphakomo munali njuchi. Ndinangotema kawiri. Abale inu, liwiro limene ndinathamanga tsiku limenelo! Ndinafika kunyumba diso limodzi litatsekeka, mlomo utatupa ngati mbatata, nkhwangwa nditaisiya konko. Mtengowo ndinauleka, pamodzi ndi kachigawo kozungulira chulu, poti kumeneko chingwe changa cha mizere sichikanawongoka. Ndinauza Abiti Saidi kuti kuchuluko achiteko zimene akufuna. Ndinkaona ngati ndawachitira chifundo chachikulu.

Kotsalako ndinazula nandolo yense, ndinaunjika mapesi ndi nthambi, ndinatentha. Utsi unaoneka mpaka kumsika. Moto utazima ndinatenga chisache n'kusesa zinyalala zotsala. Eya, ndinasesa munda. Alangizi sananene zimenezo, ndinawonjezera ndekha.

Abiti Saidi anabwera kudzaona. Anaima pamalire nthawi yaitali atagwira pakamwa.

"Bambo a Asiyatu, mundawu mwauvula."

"Ndauyeretsa."

"Mwauvula. Nthaka siifuna kukhala padzuwa yosafunda. Mudzauona ukamapsa."

"Dzuwa ndi lomweli, Abiti Saidi. Lowomba kuchulu kwanuko ndi lowomba kunoli ndi limodzi."

"Dzuwa ndi limodzi, koma pogwera pake n'posiyana."

Kunena zoona, kusiyanako ndinakuona mwezi womwewo, koma ndinkakumasulira mondikomera. Kale munda uja masana unkaoneka wotuwa, mapesi ouma akubweza kuwala mpaka kuthobwa m'maso, ndipo ukawakankha ndi phazi pansi pake pankakhala pofunda chabe. Tsopano unali bii ndi phulusa ndi makala, dzuwa ukungolimeza lonse osabweza. Ikamakwana nthawi ya swala, pemphero lathu la masana, mpweya pamwamba pa mizere unkachita kunjenjemera. Nkhuku zinasiya kudutsa pakati, zinkazungulira m'mphepete. Ngakhale dzuwa litapendeka, ukadutsa pafupi unkamva munda ukukupumira kutentha m'miyendo ngati uvuni wa njerwa. Ine ndinkati ndiye bwino, tizilombo tonse tikupsa.

Novembala ndi Disembala

Mvula yoyamba inagwa bwino, ndisaname. Ndinadzala ndi chingwe ndi kamtengo koyezera, phando lililonse mofanana. Chimanga chinamera chonse pamodzi, mizere ili yowongoka kuchokera kunjira mpaka kuchulu. Anthu odutsa ankaima n'kumayang'ana. Lachisanu ku mzikiti amuna anayamba kundifunsa za katalikidwe ka mapando, ndipo ndinamva ena akunditchula "Che Amidu". Ndinkayankha mofatsa ngati sizikundikhudza, koma m'kati ndinali kuvina.

Popalira koyamba ndinapeza timaungu ndi khobwe zitamera pakati pa mizere. Sizinali zomera zokha iyayi, munda ndinali nditautentha, komanso zinali zotalikana bwinobwino, mzere wachitatu uliwonse. Wina anadzala m'mbuyo mwanga. Ndinazula osanena kanthu. Pobandira, kumapeto kwa Disembala, ndinapezanso zina, ulendo uno zitayamba kale kuyanga, masamba aakuluakulu ataphimba m'makwawa. Pamenepo ndinapsa mtima. Ndinazula zonse, ndinasenza mtolo wake, ndinakautaya pakhomo pamene Abiti Saidi ankasambitsa mwana.

"Izi zabwera bwanji m'munda mwanga?"

"Mwanu?"

Ndinangokweza mawu. "Ndikufunsa kuti wadzala ndani!"

"Ndadzala ndine. Mukanasiya zochepa zokha zifunditse nthaka. Alangizi anuwo sadzachita kuwerenga masamba."

"Munda wa mchikumbe si dimba la ndiwo."

Anamaliza kusambitsa mwana, anatola nkhwani uja, anasenda, anaphika. Ndinadya, ndipo anali wokoma. Kuyambira tsiku limenelo sanatchulenso za munda wanga.

Alangizi anabwera pa njinga sabata yomweyo. Anali bambo wamng'ono thupi, wolankhula motsitsa. Anayenda m'mizere, anayeza ndi phazi, kenako anaima pa chitsa.

"Mitengoyi munadula ndinu?"

"Eya, ndekha."

"Aaa, bambo. Zodula misangu sindinanene ine. Ndipo mapesi mukanakwirira m'mizere. Munda si bwalo la mzikiti kuti muzisesa."

Koma anawonjezera kuti mizere yowongoka chotere sanaione kwina kulikonse m'dera lake, ndipo mu Febuluwale adzabwera ndi anthu kudzaona. Ine ndinamva zachiwirizo zokha.

Januwale

Feteleza wachiwiri ndinathira sabata yoyamba, kutagwa kamvula kowaza. Kamvula kameneko ndiye kanali kotsiriza.

Sabata yoyamba palibe anadandaula. Ng'amba ya Januwale imabwera chaka chilichonse, anthu amaikonda poti udzu wopalira umauma msanga. Sabata yachiwiri chimanga chinayamba kupota masamba masana ngati anyezi, madzulo n'kutambasula. Sabata yachitatu chinasiya kutambasula. Minda yonse ya ku Mposa inafota, koma wanga unatsogola. Masamba a m'munsi anauma kuyambira kunsonga, ndipo pamene ndinathira feteleza panatsala timiyala toyera tosasungunuka, tikuwotcha tsinde.

Tsiku lina masana ndinapita kumunda wopanda nsapato, poti zanga za matayala zinali zitaduka lamba. Pofika pakati pa munda mapazi anayamba kupsa. Ndinayesa kupirira, ndinalephera. Ndinayamba kudumphadumpha, bambo wamkulu, ndipo pothawira papafupi panali kuchulu. Nditangoponda m'kachigawo ka Abiti Saidi phazi linalowa pansi pa masamba a maungu, linakagwa pa mapesi owola osakanikirana ndi timasamba ta msangu, ndipo panali pozizira. Ndinagwada, ndinakumba ndi zala. Kuzama kwa chala chimodzi dothi linali lonyowa, lakuda, nyongolotsi ili momwemo. Ndinabwerera kwanga mapazi khumi okha, ndinakumbanso. Fumbi lotentha mpaka m'chikhatho monse. Ndinazula phesi limodzi, mizu imene imayenera kukhala yoyera inali yofiirira, yophikika. Chimanga cha kuchulu nachonso chinali ndi ludzu, chachifupi, koma chinali chobiriwira ndipo chitaima.

Abiti Saidi anali pomwepo akuthyola chitambe, masamba a khobwe aja. Anandiona nditagwada, inenso ndinawaona. Anapitiriza kuthyola. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire, ndipo pansi pa manyaziwo panali mantha, chifukwa ndinakumbuka mawu a pakhonde la Che Mbwana.

M'mudzi nkhani zinayamba kuyenda. Masana aliwonse m'munda mwanga munkadzuka kamvuluvulu, fumbi lakuda likukwera m'mwamba, anthu akuona ali m'makomo mwawo. Mitambo inkasonkhana pa Chikala, n'kuyenda kubwera kuno, n'kumwazika. Ena anati munda wadazi uja ndi umene ukuthamangitsa mitambo. Ena anati mlendoyo wamanga mvula. Kumanga mvula ine, kuti ndiphe chimanga changa chomwe? Zopusa. Mvula inali itasowa mpaka ku Balaka ndi kupitirira, munda umodzi sungachite zimenezo, ndinakana ndipo ndikukanabe. Koma zoti pamwamba pa munda wanga pankakwera mpweya wotentha kuposa pa minda ya anzanga, zimenezo sindingakane, ndinkaziona ndi maso angawa. Dzina la Che Amidu linatha, ndinabwerera kukhala "wa ku Phalula uja". Tsiku limene shehe anatitsogolera pa swala yopempha mvula pabwalo, ndinaima mzere wa kumbuyo kwenikweni.

Ndinayesa kukonza. Ndinasasula udzu wa denga la khola la mbuzi ndi la kakhitchini, ndinakauyala m'makwawa. Unakwanira mizere isanu ndi umodzi yokha. Che Mbwana anandipeza ndikuyala, akuchokera kokapereka zovala kwa eni ake.

"Akamwini, mwayamba utelala? Mukuusokera malaya munda?"

"Ndikungoyesa, amjomba."

"Yesani, yesani. Koma muyezo mwatenga mochedwa."

Anapita akuseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu amene wake munda ukupsanso. Mizere ija inapirira sabata imodzi kuposa inzake. Kenako chiswe chinadya udzu wonse, n'kuyamba chimanga.

Febuluwale

Alangizi sanabwere ndi anthu aja. Anatumiza uthenga kuti ulendo wasinthidwa, ndipo ine ndinathokoza Mulungu. Chimanga changa chinamasula chili cholekeza m'chiuno, ngayaye zinatuluka zoyera, zouma kale, chimangacho osabereka ana.

Liwu loti njala sitinkalitchula. Inali nthawi ya chipani chimodzi, ndipo pa msonkhano uliwonse ankatiuza kuti m'dziko muno anthu akudya bwino. Ukanena kuti kuli njala pagulu, sunkadziwa amene wamva. Ndiye tinkati "chaka chino kwavutako pang'ono", munthu akunena zimenezo lamba atabowola bowo lachitatu. Ku msika wa boma tinkaima pamzere kuyambira m'mamawa, khadi la chipani lili m'manja, poti wopanda khadi sankalowa. Ankagulitsa kandowa kamodzi pa munthu, ndipo masiku ena tinkabwerera ndi thumba lopinda. Kwa ogulitsa wamba mtengo wa m'mawa sunali wa madzulo. Madeya amene tinkathira nkhuku anayamba kugulitsidwa pa mbale. Anansi ena anasinthanitsa mbuzi yathunthu ndi chimanga chosadzaza ndowa, ena analowa m'madambo a ku Chilwa kukakumba nyika, timizu ta maluwa a m'madzi, zimene kale ankati n'zodya anthu osauka a kwina.

Chimanga chathu chakale chinatha sabata yoyamba. Kuyambira pamenepo chimene tinkadya chinkachokera kuchulu: nkhwani, chitambe, maungu anthete, khobwe wamuwisi. Kamodzi pa tsiku. Kachigawo kaja kanali kochepa, kongofanana ndi bwalo la nyumba ziwiri, ndipo Abiti Saidi ankathyola mosamala, tsamba apa tsamba apo, kuti nthaka isavundukuke. Nthawi zina ndikudya ndinkayamba kuganiza kuti munda wonse ukanakhala chotero bwenzi tili pati. Ndinkasiyira panjira.

Amuna ena ankapita ku Nayuchi, kumalire, kukasinthanitsa matemba ndi makaka, chinangwa chouma chochokera kutsidya. Kutsidyako kunali nkhondo, koma chinangwa chinaliko. Ndinagwira ganyu yokoka makoka kunyanja ya Chilwa masiku atatu, anandilipira matemba, ndinanyamuka wapansi ndi anzanga awiri. Njinga ndinaikumbuka paulendo umenewo. Tinatha masiku asanu ndi anayi, ndinabwera ndi theka la thumba pamutu, ndikudziona ngati ndachita chamuna.

Ndinapeza Asiyatu atakhala pamkeka, ali phee. Mwana amene ankandithamangira ndikadali kunjira anangondiyang'ana. Masaya anali atatupa, mapazi atatupa, tsitsi litafiira n'kupyapyala. Abiti Saidi anali atapita naye kuchipatala kawiri wapansi, atamubereka, ndipo kumeneko anawapatsa kaufa ka phala. Sanandikalipire. Anagwira phazi la mwana, anadinikiza ndi chala chachikulu, anachotsa. Pamene anadinikizapo panatsala dzenje losabwerera.

"Onani," anatero.

Ndinaona. Ndinatuluka, ndinakakhala kuseri kwa khola lopanda denga lija, ndinalira.

Malichi

Mwezi wa Ramazani unatipeza titazolowera kale. Che Mbwana ankati chaka chino ngakhale Akhirisitu akusala nafe. Pomasula madzulo tinkadya futali wa maungu wopanda nsinjiro, ndi makaka owiritsa. Mwana yekha ndiye ankamwa phala kawiri.

Pakati pa mwezi mvula inabwerera, yamphamvu, yopanda ntchito. M'munda mwanga nthaka inali itauma gwa, madzi anangothamanga pamwamba, anadula mizere yanga yowongoka ija, anakumba ngalande zitatu, anakokolola dothi kupita nalo kudambo. Kuchulu madzi analowa pansi mwakachetechete. Nandolo wa kumeneko anaphuka masamba atsopano.

Epulo

Malole anayamba kubwera ndi chimanga chachikasu. Tsopano akuluakulu omwe ankati kuli "chilala", ndipo ifenso tinaloledwa kutero. Polemba mayina analemba la Abiti Saidi, poti nyumba inali yawo, ine ntchito yanga inali kusenza thumba. Chimangacho chinali ndi kafungo kake ndipo anthu ankanena zambiri, ati n'chodyetsa ziweto kwawoko, ati chimatha mphamvu amuna. Tinadya. Kutupa kwa Asiyatu kunaphwa, anayambanso kuyenda, ndipo tsiku lina ndinamumva akukangana ndi nkhuku.

Meyi

Kukolola sikunatenge tsiku lathunthu. M'munda wanga wonse uja munatuluka madengu atatu a tizitsononkho ta maso apa ndi apo. Kachigawo ka kuchulu kanatulutsa koposa pamenepo, maungu okhwima padera, nandolo akadali m'munda. Titathira zonse m'nkhokwe, pansi pake pankaoneka.

Sindinadikire kuitanidwa. Ndinasamba, ndinavala malaya ochapa, ndinauza Abiti Saidi kuti tipite kwa amjomba. Tinakhala pakhonde, ine pa kampando, iwo pansi chapatali. Che Mbwana anaimitsa makina, anavula magalasi.

"Akamwini, ndikudziwa chimene mwabwerera. Mawu aja ndinanena ndikuseka, ndipo lero ndikuwabweza. Chaka chino dzuwa lapsereza aliyense, wanga munda womwe sunabereke. Ndikathamangitsa inu, ndiye kuti ndithamangitse amuna onse a m'mudzi muno, ine ndemwe nditsogole. Munalakwa, eya, koma simunathawe. Munapita ku Nayuchi wapansi. Khalani."

Thupi lonse linamasuka. "Sikomo kwejinji, amjomba," ndinatero m'Chiyao changa chopotoka, ndikuwomba m'manja. Che Mbwana anatembenukira kwa mwana wa mlongo wawo, mongokwaniritsa mwambo.

"Si choncho, Abiti Saidi?"

"Iyayi, amjomba."

Analankhula m'Chichewa, pang'onopang'ono, kuti ine ndisaphonye liwu.

"Za dzuwa sindikuwaimba mlandu, dzuwa si lawo. Misangu ya amayi anga ndingaiwale, ina idzamera ine nditakalamba. Koma ine ndinadzala chakudya cha mwana kawiri, iwo anazula kawiri, kachiwiriko anadzanditayira pakhomo. Munda ndi wanga, koma anadzaupempha kwa inu, ine ndili moyo. Mvula ikadzagwa bwino chaka chamawa adzayambanso, ndikuwadziwa. Ine sindingakhale m'nyumba ndi munthu woti ndizimubisira mbewu."

"Mwanangu, munthu waphunzira uyu."

"Afunseni."

Che Mbwana anandiyang'ana. Ndinafuna kulumbira kuti sindidzayambanso, pakamwa ndinatsekula ndithu. Koma m'mawa womwewo, ndikusamba, ndinali nditaganiza kale kuti vuto linali mbewu, kuti chaka chamawa ndidzapeze yocha msanga ndipo ndidzadzale ndi mvula yoyambirira, mizere yomweyo. Abiti Saidi sankanama. Ndinatseka pakamwa.

Che Mbwana anayesabe masiku angapo. Ankhoswe anga anabwera kuchokera ku Phalula, shehe nayenso analankhula, Abiti Saidi ankamvetsera mwaulemu n'kubwereza zomwezo. Sindinawade, ndipo sindiwada. Zinandipweteka kwambiri, basi.

Juni

Ndinanyamuka m'mawa kukuzizira, bulangete ndi zovala zili m'kathumba. Abiti Saidi anandiphikira makaka a paulendo, anandipatsira pakhomo ndi manja awiri. Asiyatu anandiperekeza mpaka pamene njira ya kumjigo imapatukira, atagwira chala changa.

"Ababa, mukupita kuti?"

"Ku Phalula."

"Mubwera mawa?"

"Eya, mawa."

Anandisiya chala, anabwerera akuthamanga.

Chaka chotsatira ndinamva kuti Abiti Saidi akwatiwa ndi msodzi wa ku Chilwa. Ine ndinapita kukagwira ntchito m'minda ya fodya kutali, ndipo chaka chilichonse ndinkati ndipita kukaona mwana ndikapeza kanthu kogwira m'manja. Ndinabwereranso ku Mposa patapita zaka zambiri, pa maliro a Che Mbwana. Titachoka kumanda, munthu wina anandilozera mayi wachitsikana amene ankagawa madzi, mwana ali kumsana, anati Asiyatu wanu uja ndi ameneyo. Anafika pamene ndinakhala, anagwada, anandipatsa madzi ndi moni waulemu ndithu. Atadzuka ndinamumva akufunsa mnzake kuti bambowa ndi a kuti.